Munthu akati "ndinapulumutsidwa", wapulumuka ku chiyani?

Basi yaikulu ikamadikira kudzaza pa depoti ya ku Lilongwe, mlaliki sasowa. Tsiku lina ndili pa ulendo wa ku Mzuzu, anakwera mnyamata wa jekete yotuwa m'mapewa, Baibulo lake lomatidwa ndi selotepi kumsana. Anayima pakati pa mipando, mwendo utatsamira thumba la ufa la munthu wina, n'kufunsa mokweza: "Makolo anga, abale ndi alongo, basi ino itapanda kufika kumene tikupita, kodi inu munapulumutsidwa?" Mayi ena achikulire a duku loyera, amene anakhala pambali panga, anayankha mosakweza mawu: "Mwana wanga, ine ndinabatizidwa iwe usanabadwe, ndipo mgonero sindidumpha." Mnyamata uja anawerama pang'ono mwaulemu nati: "Amayi, zimenezo n'zabwino, koma kodi Yesu munamulandira?" Mayi aja anamuyang'ana kanthawi, kenaka anati: "Nanga zaka zonsezi ndakhala ndikupemphera kwa yani?"

Awiriwa ndi Akhristu, amawerenga Baibulo limodzi, ndipo palibe amene ankanyoza mnzake. Koma mawu akuti chipulumutso ankawamva mosiyana. Kuti timve pamene akusiyana, ndi pamene akugwirizana osadziwa, tiyenera kuyambira pa matenda, chifukwa munthu sungamve kufunika kwa mankhwala usanadziwe chikukudwalitsa.

Ambiri a ife tinakula tikudziwa machimo ngati mndandanda: mowa, fodya, chigololo, kuba, ufiti. Amene sachita zimenezi timamutcha munthu wabwino, ndipo iyenso amadziona choncho. Baibulo limalankhula za machimo ambiri ndithu, koma limalankhulanso za tchimo, limodzi, ngati mphamvu imene yagwira munthu kuchokera m'kati. Pa Marko 7 Yesu akunena kuti chodetsa munthu sichichokera kunja ayi, chimatuluka mumtima, ndipo pa zimene akutchulazo, pambali pa kupha ndi chigololo, palinso kaduka, miseche, kudzikuza ndi chinyengo, zinthu zimene munthu angalowe nazo m'tchalitchi Lamulungu lililonse osadulidwa. Amene anakhala ku Mtandire kapena ku Chinsapo pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 akudziwa za chitsime chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi. Ndowa ungayitsuke ndi sopo mpaka kuwala, koma madzi amene utunge ndi omwewo. Machimo ali ngati ndowa za madzi oyipa, pamene tchimo ndi chitsimecho.

Makolo athu nawo ankadziwa kuti dziko silili mmene linayenera kukhalira. Nthano ya Achewa imati pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama komwe mtsinje wa Lilongwe umachokera, Chauta ankakhala pamodzi ndi anthu ndi nyama mwamtendere, mpaka tsiku limene munthu anapeka moto. Tchire linapsa, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kuyambira pamenepo munthu anayamba kufa. Nthanoyi ndimayikonda chifukwa imavomereza zinthu ziwiri zimene Genesis 3 imanenanso: kuti kulekana kwa Mulungu ndi anthu kunadza ndi dzanja la munthu, ndi kuti chilengedwe chonse chinavulala nawo. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Ku Kaphirintiwa amene akuchoka ndi Chauta. M'munda wa Edeni amene akubisala m'mitengo ndi munthu, ndipo Mulungu ndiye akuyenda madzulo kumufunafuna, akuyitana kuti, "Uli kuti?" Chiphunzitso chonse cha chipulumutso chagona pa funso limeneli.

Cholakwa cha Adamu ndi Hava sichinali njala ya chipatso. Anakayikira ubwino wa Mulungu, nafuna kudziyikira okha chabwino ndi choyipa. Zotsatira zake zikubwera motsatizana: manyazi, mantha, kenaka kulozana zala, mwamuna kukankhira mlandu kwa mkazi, mkazi kwa njoka. Nthaka ikumera minga, chakudya chikupezeka ndi thukuta. Mutu wotsatira womwewo, mkulu akupha mng'ono wake kumunda. Izi n'zimene Akhristu amatanthauza akati dziko linagwa. Paulo pa Aroma 5:12 akuti uchimo unalowa m'dziko kudzera mwa munthu mmodzi, ndipo imfa inalowera pa uchimowo, ndipo pa Aroma 8 akuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi amene ali pa zowawa za kubereka.

Apa pali funso limene amayi ambiri amafunsa atanyamula khanda: kamwana aka kalakwa chiyani? Funsoli ndi lakale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400, Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain, ankaphunzitsa kuti munthu aliyense amabadwa wopanda banga ngati Adamu asanachimwe, ndipo atalimbikira angathe kusunga malamulo onse a Mulungu. Amene anamutsutsa kwambiri anali munthu wa kuno ku Africa, Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba ku Algeria. Augustine ankati chifuniro cha munthu chinapindika kale, ndipo sichingadziwongole chokha popanda chisomo. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Apa ndi pamene panakhazikika mawu amene timawamva m'kalasi, akuti tchimo lobadwa nalo. Sakutanthauza kuti khanda lachita choyipa. Akatolika amafotokoza kuti ndi mkhalidwe umene timaulandira, osati ntchito imene tinayichita. A mipingo ya Orthodox amatsindika kuti chimene tinatengera kwa Adamu ndi imfa ndi kufooka, osati mlandu wake. A chiphunzitso cha John Calvin, monga a CCAP, amati palibe mbali ya munthu imene tchimo silinayikhudze, kaya nzeru, kaya chikondi, ngakhale kupemphera kumene, ngakhale kuti izi sizikutanthauza kuti munthu ndi woyipa kotheratu. Ine ndimaziona motere: mwana wobadwira m'banja la ngongole sanakongole ndi iye, komabe amakulira m'nyumba imene katundu anatengedwa kale, ndipo akangokula naye amapita kukakongola.

Ndiyime pang'ono apa, chifukwa chiphunzitso cha dziko lakugwa timachigwiritsa ntchito molakwika kawirikawiri, ndipo anthu amavulala nacho. Namondwe Freddy atawononga m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndinamva anthu ena muno mu mzinda akunena kuti kumeneko kunachuluka uchimo. Pamaliro a mwana, ena amanong'onezana kuti makolo ake alipo chimene anachita. Yesu anakana maganizo amenewa poyera. Pa Yohane 9 ophunzira atamufunsa za munthu wobadwa wosaona, kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, anayankha kuti palibe mwa iwo. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nafunsa ngati anali ochimwa kuposa anthu ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti iyayi. Kunena kuti dziko linagwa ndi kunena kuti tonse tili m'nyumba imodzi yodontha. Si chilolezo choti tiziwerengera mnzathu machimo ake poona tsoka lake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga bwanji munthu sangangosintha? Aliyense amene analumbirapo pa 31 Disembala kuti chaka chamawa sadzachitanso chakutichakuti akudziwa yankho. Paulo analilemba pa Aroma 7: chabwino chimene ndikufuna sindichichita, koma choyipa chimene sindikuchifuna ndicho ndimachita. Malamulo a Mulungu ndi abwino, koma ntchito yake ili ngati sikelo ya ana kuchipatala. Imakuuza zoona kuti mwana watsika, koma siyimupatsa phala. Ndipo ngakhale munthu atasiya lero zoyipa zonse, za dzulo zipita kuti? Akuluakulu anati mlandu suwola.

Yankho la Chikhristu ndi lakuti chimene munthu sakanatha kudzichitira, Mulungu anachichita yekha mwa Yesu Khristu, amene anapachikidwa kunja kwa Yerusalemu pa ulamuliro wa Pontiyo Pilato, nauka tsiku lachitatu. Mmene imfa ya munthu mmodzi ingapulumutsire anthu ambiri, Baibulo silikufotokoza ndi chithunzi chimodzi. Limagwiritsa ntchito zingapo, ndipo chilichonse chili ndi pamene chimathera.

Chithunzi chimene chimamveka msanga muno mu Lilongwe ndi cha ngongole. Tonse tikudziwa katapila: munthu wakongola pang'ono kuti agule mankhwala kapena alipire fizi, wasiya wailesi kapena njinga ngati chikole, mwezi ukatha ngongole yabereka, miyezi itatu sangayifikenso. Ndiye pabwere mbale wake, alipire yonse, atenge njinga ija n'kumubwezera. Mawu amene timanena pamenepo ndi kuwombola, ndipo ndi omwewo amene timayimba m'tchalitchi potchula Mombolo kapena Muwomboli. Yesu anati anabwera kudzapereka moyo wake dipo la anthu ambiri (Marko 10:45), ndipo Akolose 2:14 ikunena za kalata ya ngongole imene inafafanizidwa ndi kukhomedwa pa mtanda. Chithunzichi chimathera pa funso lakuti dipolo linaperekedwa kwa yani. Aphunzitsi ena akale ankati kwa Satana, koma Anselm, bishopu wamkulu wa ku Canterbury ku England, polemba cha m'ma 1098, anakana: Satana alibe ufulu wolipidwa, ngongole ya munthu ili kwa Mulungu mwini.

China ndi cha bwalo la milandu, kumene wolakwa wagamulidwa koma chindapusa walipira wina. China ndi cha nsembe, ndipo pa Levitiko 16 pali mbuzi ziwiri, ina yophedwa, ina yosenzetsedwa machimo a anthu n'kuyithamangitsira kuchipululu. Yesaya 53 ikunena za mtumiki amene analasidwa chifukwa cha zolakwa zathu. Koma apa tisamale, chifukwa alaliki ena amajambula Mulungu ngati bambo wolusa amene akufunafuna womukwapula, ndipo mwana wachifundo wadziponya pakati. Malemba satero. Pa 2 Akorinto 5:19 akuti Mulungu anali mwa Khristu, akuyanjanitsa dziko ndi iye mwini. Wolakwiridwa ndi amene analipira. Pabwalo la mfumu zimenezi sizichitika, ndipo n'chifukwa chake uthengawu umatchedwa wabwino.

Chithunzi china, chimene amishoni oyamba sanachitsindike mokwanira koma chimagwira mtima wa munthu wa kuno, ndi cha nkhondo. Akolose 2:15 ikuti pa mtanda Khristu anavula zida maukulu ndi maulamuliro, nawaonetsa poyera. Munthu amene sagona tulo poopa kulodzedwa, amene anatemera mphini mwana wake n'kumumanga chithumwa m'chiuno, funso lake loyamba si lakuti ndikhululukidwa bwanji. Ndi lakuti adzanditeteza ndani. Mpingo ukakhala chete pa funso limeneli, anthu amapemphera masana, usiku n'kupita kwa sing'anga. Chipulumutso cha m'Baibulo chimakhudza mlandu, chimakhudzanso mantha ndi imfa. N'chifukwa chake Paulo akuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chathu n'chachabe, tidakali m'machimo athu (1 Akorinto 15:17).

Tsopano tafika pamene mnyamata wa m'basi ndi mayi aja anasiyana: zimene zinachitika pa mtanda zimafika bwanji pa munthu mmodzi, wa dzina lake, wokhala ku Kawale kapena ku Area 25?

Mipingo yonse imayankha ndi liwu limodzi, ngakhale m'Chichewa lili ndi maonekedwe awiri. Achipulotesitanti amati chisomo, Akatolika amati chaulere. Kunena zoona, pa nkhani imeneyi liwu la chaulere ndi limene limalasa bwino. M'kulankhula kwathu kwa tsiku ndi tsiku, tikati uje ali ndi chisomo timatanthauza kuti ali ndi kena kake mwa iye kamene kamakopa anthu kapena mwayi. Koma chisomo cha pa Aefeso 2:8-9 sichili mwa wolandira. Ndi mphatso ya Mulungu, yosachokera ku ntchito, kuti wina asadzitame. Mbala imene inapachikidwa pambali pa Yesu inalibe nthawi yolowa kalasi, yopereka chakhumi kapena yobweza zimene inaba. Inangoti mundikumbukire, ndipo inalonjezedwa Paradizo tsiku lomwelo.

Dzanja limene limalandira mphatsoyi ndi chikhulupiriro, chimene chimayenda pamodzi ndi kulapa. Kukhulupirira kuno si kuvomereza chabe kuti Mulungu alipo, pakuti Yakobo akuti ziwanda nazo zimavomereza, mpaka kunjenjemera. Ndi kutsamira thupi lonse, monga mmene wodwala amadziperekera kwa womubereka kumsana popita naye kuchipatala. Ndipo kulapa si kulira chabe pa msonkhano wa chitsitsimutso. Ndi kutembenuka, ngati mwana wolowerera wa pa Luka 15 amene ananyamuka pakati pa nkhumba n'kuyamba ulendo wobwerera kwawo.

Pa mgwirizano wa chikhulupiriro ndi ntchito ndi pamene mpingo wa ku Ulaya unang'ambika. Mu 1517 Martin Luther ku Wittenberg anatsutsa malonda a makalata a chikhululukiro, ndipo anaphunzitsa kuti munthu amayesedwa wolungama mwa chikhulupiriro chokha: Mulungu amamuveka chilungamo cha Khristu ngati chovala, iye akadali wochimwa. Msonkhano wa Akatolika wa ku Trent unayankha mu 1547 kuti chaulere ndicho chimayamba ndithu, koma sichimangophimba munthu, chimamusintha m'kati, ndipo munthuyo amagwirizana nacho. Akatolika ndi otsatira Luther anatembererana kwa zaka zoposa 400. Chimene ambiri kuno sitidziwa n'chakuti pa 31 Okutobala 1999, ku Augsburg ku Germany, mpingo wa Katolika ndi chigwirizano cha mipingo ya Lutheran pa dziko lonse anasayina chikalata chovomerezana kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndi kuti Mzimu Woyera amakonzanso mitima yathu natiyitanira ku ntchito zabwino. A Methodist anavomereza nawo mu 2006, ndipo chigwirizano cha mipingo ya Reformed mu 2017. Kusiyana kudakalipo, makamaka pa masakramenti, koma si kwakukulu ngati mmene timakukuzira pokangana m'minibasi.

Kwa Mkatolika wa ku Maula, moyo watsopano umayamba pa ubatizo, umadyetsedwa pa Ukaristia, ndipo akagwa m'tchimo lalikulu amabwezedwa mwa sakramenti la kulapa. Kwa Mkhristu wa Sinodi ya Nkhoma, imene inayambira ku Mvera mu 1889 ndi amishoni a Dutch Reformed, ubatizo wa mwana ndi chizindikiro cha pangano la Mulungu, ndipo mwanayo akakula amalowa kalasi kuti adzavomereze yekha ndi pakamwa pake. Kwa a Pentekosite ndi mafeloshipu, amene anafala kwambiri m'matauni kuyambira m'zaka za m'ma 1970, chachikulu ndi kubadwa mwatsopano, tsiku limene munthu anadzuka pampando, napita kutsogolo kukalandira Yesu. Mawu amenewa akuchokera pa zimene Yesu anauza Nikodemo pa Yohane 3, ndipo sali a mpingo umodzi.

Mnyamata uja anali ndi mfundo. N'zotheka kubatizidwa, kuvala yunifolomu ya chigwirizano, kukhala ndi khadi la zopereka losadumpha mwezi, koma mtima ukudalira zimenezo m'malo modalira Khristu. Mayi aja nawonso anali ndi mfundo. Si aliyense amene ali ndi tsiku loti angaloze pa kalendala. Paulo anagwetsedwa pansi pa njira ya ku Damasiko, koma Timoteo anadziwa malemba kuyambira ali wamng'ono, chikhulupiriro atachiona mwa agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike. Ena amadzidzimuka ndi mphezi, ena kumawachera pang'onopang'ono. Funso limene ndikanakonda mnyamata uja akanafunsa ndi lakuti: lero lino mukudalira yani?

Chipangano Chatsopano chimalankhula za chipulumutso m'nthawi zitatu. Tinapulumutsidwa ku mlandu wa tchimo, ndiko kulungamitsidwa. Tikupulumutsidwa ku mphamvu yake, ndiko kuyeretsedwa, ntchito ya moyo wonse imene ili ndi kugwa ndi kudzuka. Tidzapulumutsidwa ku imfa yomwe pa kuuka kwa akufa. Amene amanena kuti chibadwire mwatsopano sanachimwepo akutsutsana ndi 1 Yohane 1:8, imene ikuti tikanena kuti tilibe tchimo tikudzinyenga. Funso lakuti kodi wopulumutsidwa angatayikenso linagawa aphunzitsi: Sinodi ya mipingo ya Reformed ya ku Dort ku Netherlands, ya 1618 mpaka 1619, inati Mulungu amasunga ake kufikira mapeto, pamene otsatira Jacobus Arminius, mphunzitsi wa komweko, kenaka John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, ankati munthu angathe kutaya chimene analandira. Mbali zonse ziwiri zimachenjeza munthu wotayirira ndi kulimbikitsa wofooka.

Chimene chimandiwawa masiku ano ndi kuona chipulumutso chikubwerera pamsika. Botolo la madzi kapena mafuta odzozedwa lili ndi mtengo wake, kuonana ndi munthu wa Mulungu kuli ndi mtengo wake, ndipo mayi wogulitsa tomato akuuzidwa kuti abzale mbewu ya ndalama kuti zake zitseguke. Kupereka kwa Mulungu n'koyenera, ndipo Mulungu amasamala za njala, ulova ndi matenda athu. Koma Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mzimu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo (Machitidwe 8:20). Izi n'zomwe Luther ankakana mu 1517. Tikasandutsa chipulumutso kukhala viza, galimoto ndi ukwati, ndiye kuti wodwala khansa amene wagona ku Kamuzu Central Hospital akupemphera mokhulupirika tikumuuza kuti sanapulumutsidwe, ndipo limenelo ndi bodza lankhanza.

Chipulumutso ndi cha munthu payekha, pakuti palibe amene angakhulupirire m'malo mwa mnzake, koma sichithera mumtima. Katekisma wa ku Heidelberg wa 1563, amene a Nkhoma analandira kwa amishoni awo, anagawidwa patatu: tsoka la munthu, chiwombolo chake, ndi kuthokoza. Malamulo Khumi anafotokozedwa m'gawo lachitatulo, kusonyeza kuti ntchito zabwino si malipiro ogulira chipulumutso koma zikomo wa munthu wowomboledwa kale. Zakeyu wa pa Luka 19 Yesu anayamba wamulowera m'nyumba, kenaka iye anayimirira n'kulonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa onse amene anawabera. Atatero m'pamene Yesu anati lero chipulumutso chafika m'nyumba muno.

Ndikudziwa bambo ena ogulitsa chimanga pamsika wina wa muno mu mzinda. Kwa zaka zambiri anali ndi zidebe ziwiri: chachikulu chogulira kwa alimi, ndi china chopondedwa kunsi ndi mwala kuti chizilowa pang'ono, chogulitsira. Atatembenuka mtima, mowa anasiya msanga, ndipo kutchalitchi anawayimika kutsogolo kuti achitire umboni. Koma chidebe chopondedwa chija chinakhalabe pamalo pake kwa miyezi ingapo, iwo osachiona ngati nkhani ya Mulungu. Amene anawafunsa ndi akazi awo, tsiku lina madzulo akuwerenga ndalama pamphasa: "Bambo a kunyumba, kodi Yesu munamulandirayo, kumsika amafikako?" Anakhala chete usiku wonse. M'mawa mwake anatenga chidebe chija n'kuchisandutsa chothirira mbewu kudimba, nagula china cholungama. Phindu linatsika ndithu, ndipo mwana wawo wina anachedwa kulipira fizi teremu imeneyo. Bambowo anapeza ena mwa alimi amene ankagulako chimanga n'kuwaonjezera ndalama, koma ambiri sanawapezenso, ndipo amanena okha kuti zimenezo zimawawawabe akamayandikira gome la mgonero.